Kona ya Akalipentala

Mpaka lero anthu amawatchula kuti Akalipentala, ngakhale papita zaka zisanu chisiyireni kukhoma misomali. Maso anayamba kuchita chifunga, msana nawonso unakana matabwa. Koma matebulo amene anapanga pa zaka makumi anayi akadali chiimire, makona ake ali akuthwa ngati tsiku limene anatuluka m'shedi. Iwo ankati mmisiri amadziwika ndi kona, ndipo wobulungiza kona ali ndi chimene akubisa.

Mwana wawo wamkazi amaphika makeke m'chipinda chakuseri, momwe kale munkakhala matabwa. Chaka chatha analandira ntchito yake yoyamba yaikulu, keke ya ukwati yosanjikiza kanayi. Anapangana ndi eni ukwati kuti yodyedwa ikhale imodzi yokha, zitatuzo zikhale za fomu, yoyera ija amatchingira nayo wailesi m'katoni, koma zovekedwa bwinobwino ngati keke yeniyeni.

Akalipentala atamva anati limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. Mwanayo anawafotokozera kuti eni ake akudziwa, koma iwo sanakhutire mpaka anakawafunsa okha mayi a mkwatibwi pa geti. Atamva kuti n'zoona, anabwerera n'kunena kuti ngati ndi choncho fomuyo adula ndi iwo, chifukwa chinthu chabodza chikakhalanso chokhota ndiye kuti mabodza akhala awiri.

Kusitolo anatha ola lathunthu. Chidutswa chilichonse ankachidina ndi chala chachikulu. Chikabonyoka, ankachikankhira kumbali. Cha timibulu tikulutikulu ankachikana, amati chimayoyoka mpeni ukangochikhudza. Ankafuna cholimba, cha timibulu tating'ono tothithikana. Wogulitsa anatopa nawo n'kuwafunsa ngati akugula fomu kapena akufunsira mbeta. Iwo anamuyankha kuti mbeta anafunsira kamodzi ndipo sanabwezepo, ndiye awasiye asankhe.

Kunyumba anajambula mizere yozungulira ndi msomali, chingwe ndi pensulo, n'kudula pang'onopang'ono ndi sowo ya mano ang'onoang'ono. Anayeza mbali zonse ndi sikweya, chitsulo chawo choyezera makona. Zitatu zonsezo zinatuluka zowongoka, m'mphepete mwake muli mwakuthwa moti munthu akanatha kumeterapo ndevu. Anazisanja pa tebulo n'kuima patali, manja kumbuyo.

Lachisanu masana mwanayo anayamba kuveka. Galimoto ya eni ukwati inali yoti ibwera folo koloko. Anapaka timadzi pa fomu ndi kabulashi kuti fondanti agwire. Fondantiyo ndi shuga wokanda amene amamufutukula ngati nsalu. Atangomuyala pamwamba n'kuyamba kumusalaza, anang'ambika kuzungulira m'mphepete monse. Anayesanso kachiwiri, zomwezo. Wong'ambikayo anali atatola tinyenyeswa ta fomu, sakanagwiranso ntchito. Wotsala m'ndowa anali wongokwanira makeke anayiwo, osapitirira, ndipo sitolo yogulitsa fondanti inali itamuuza kale kuti wina afika sabata yamawa. Kung'ambikanso kamodzi kokha, ukwati wa eni ake ukanakhala ndi keke yamaliseche, ndipo dzina lake likanathera pomwepo.

Chifukwa chake ankachidziwa, koma ankaopa kuwauza bambo ake. Anayamba waimba mlandu kutentha, kenako manja ake. Bambo ake anali pakhomo, akumuyang'ana.

"Mwanawe, ndinakulera ine. Ukamazungulira chonchi ndiye kuti pali mawu. Nena."

"Bambo, kona yanuyi ndi yabwino kwambiri."

"Ndikudziwa zimenezo."

"Ndiyo ikudula shuga wanga. Ikufunika kuibulungiza."

Akalipentala anatuluka panja. Anakaima pa shedi pamene mphaka amagona, n'kumuuza mphakayo kuti ana a masiku ano amafuna kuphunzitsa nkhuku kutola chimanga. Koma mtima sunawalole. Anabwerera, natola fondanti wong'ambika uja, n'kumuyendetsa m'mphepete mwa fomu. Anadukadi ngati pa lumo. Iwo anali munthu woti chinthu akachiona ndi maso satsutsananso nacho.

Anatulutsa sandipepala wosalala m'thumba la jekete. Anakhala pa mpando, fomu ili pa maondo, n'kuyamba kupala kona imene anaikonza masiku awiri, nkhope ili ngati akumwa mankhwala owawa. Anabulungiza zonse zitatu, n'kumayesa ndi chala mpaka china chilichonse chokanda chitatha. Fumbi analipukuta ndi kansalu konyowa, ndipo pamene panali timaenje mwanayo anamata ndi shuga wofewa.

Kenako mwanayo anayala fondanti. Anatsetsereka pa konapo n'kugona phee, wopanda ngakhale mng'alu. Yachiwiri chimodzimodzi, yachitatunso. Mwanayo anayamba kuseka misozi ili m'maso, ndipo bambo ake anamuuza kuti asiye zimenezo, mchere sufunika pa keke. Galimoto itafika, maluwa omaliza anali ataikidwa.

Kuyambira pamenepo fomu yonse ya m'nyumbamo amasankha, kudula ndi kupala ndi iwo. Sikweya akadali nayo, ndipo mbali zimatulukabe zowongoka. Mwanayo akafuna kuwaputa amawafunsa kuti kodi wobulungiza kona akubisa chiyani. Iwo amapitiriza kupala osadzutsa mutu, n'kuyankha kuti akubisa fomu, ndipo eni keke anauzidwa kale.