Opaleshoni Yomwe Inadikira Amalume

Dzulo ndinakumana ndi Mayi Nambewe mu minibasi ya ku Kawale. Ali moyo, achemwali, anenepa, ndipo ali ndi zidzukulu. Ndi aja munagona nawo mabedi oyandikana m'chipatala zaka za m'ma 1990 zija, nonse muli ndi khansa ya m'mawere. Dokotala anakuuzani zofanana: kuchotsa chotupa chokha kunkafuna kuti pambuyo pake munthu akawotchedwe ndi makina omwe kuno kunalibe, choncho njira yomwe inalipo inali kuchotsa bere lonse. Iwo anavomera tsiku lomwelo. Inu munapempha kuti mubwerere kaye kunyumba. Ndikukumbuka tili pakhonde ku Biwi mukundiluka tsitsi, ine ndikukufotokozerani zomwe ndinawerenga, kuti chotupa sichidikira munthu. Munandikoka tsitsi n'kunena kuti, "Iwe ndi mabuku akowo! Munthu amadulidwa amalume ake asanamve? Khala bwino, mzere ukukhota." Amalume anati abwera akagulitsa fodya. Pomwe ankafika kuchokera ku Kasungu, dokotala anati matenda afalikira, mpeni suthandizanso.

Ndikudziwa kuti opaleshoni sipulumutsa aliyense, ndipo mayiwo sanatilande kanthu. Komabe pomwe ankaseka ndi kondakitala, nsanje inandigwira. Bwanji iwo ali moyo, osati inu? Andiitana ku chinkhoswe cha mdzukulu wawo Loweruka likubwerali. Ndipita, ndipo iwo akamakavina, ine ndikakhala pansi n'kumawayang'ana.