Nkhunda za Padenga la Bambo

Nkhunda zinabwera pakhomo pathu ku Tafara chaka chomwe mayi anamwalira. Palibe anaziitana. Chimene chinazikopa ndi sola imene achimwene anga a ku Joni anatumiza kuti bambo asamakhale mumdima magetsi akathima. Amisiri atakhoma mapanelo awiri aja padenga la asibesitasi, pansi pake panatsala mpata woti dzanja n'kulowa, wamthunzi, wosafika mvula. Zinayamba ziwiri, zaulemu ndithu, zikungoyendayenda pamsonga pa denga. Amati mlendo ndi mame, koma alendo awa anabwera ndi mphasa zawo zomwe. Pofika nyengo yozizira ndinali nditasiya kuziwerenga.

Nthawi imeneyo n'kuti ine nditabwerera kwa bambo ndi ana anga awiri, banja litatha. Ndinkagulitsa tomato ndi masamba pa kathebulo pageti. Bambo anachoka ku Ntcheu ali mnyamata kubwera kuno kudziko la eni, nagwira ntchito yophikira azungu ku Highlands mpaka mawondo anawakana. Kumudzi sanabwerereko. Ife ana awo liwu lakuti kumudzi timangolimva m'kamwa mwa anzathu pa Khirisimasi, akamakwera mabasi ndi zikwama. Mudzi wathu unali nyumba ija ya zipinda zinayi, ndipo chipinda chimodzi tinkachititsa lendi kwa roja, mayi wa ku Tete wogulitsa zovala za kaunjika.

Chimwalirireni mayi, bambo ankangokhala m'chipinda, chitseko chotseka. Nkhunda ndi zimene zinawatulutsa. M'mawa wina ndinawapeza atakokera mpando panja, khosi m'mwamba, akumwetulira okha. Anandiuza kuti kwa mayi awo kunali khola la nkhunda, ndipo aliyense kumeneko ankadziwa kuti nkhunda sizikhala pakhomo pamene anthu amakangana. Tsiku limene amalume awo anamenya mkazi wawo, akuti khola lonse linasamuka dzuwa lisanalowe.

"Ukuona, mwanangu," anatero. "Amako apita, koma pakhomo pano pakadali pakhomo. Mbalame izi sizinama."

Ndinasangalala tsiku limenelo, sindibisa. Munthu amene ankakana phala anayamba kupempha chimanga choti amwazire alendo ake. Ana anga, amene Chichewa chimawalemera pakamwa, ankazitcha hangaiwa, ndipo agogo awo ankawakonza mpaka anaphunzira kunena kuti nkhunda.

Choyamba kuwonongeka anali madzi. Ku Tafara mpopi ndi chokongoletsera bwalo. Mwana wanga wamng'ono sanauonepo ukudontha. Mvula ikagwa tinkatchera madzi a padenga m'migolo iwiri, ndipo ankatipumitsa kumzere wa pamjigo, kuchibhorani, kumene munthu umapita ndi zigubu m'mawa n'kubwerako mutu ukuwawa ndi dzuwa ndi mikangano. Mvula yoyamba ya chaka chimenecho inatsika ndi nthenga, zikhokhombe za mazira ndi zitosi zosungunuka. Madziwo anali otuwa, onunkha khola. Ndinawataya pamunda wa masamba, n'kutenga zigubu zanga. Mvula ikugwa pakhomo panga, ine ndili pamzere.

Kenako zinapeza njira yolowera m'siling'i, pamipata imene mafunde a asibesitasi amasiya pamwamba pa khoma. Zovala pachingwe zinkauma ndi madontho oyera. Mapanelo aja anakutidwa ndi zitosi moti getsi linkazima tisanamalize kudya. Utitiri unayamba kugwa m'ming'alu ya siling'i, ana n'kumadzuka akudzikanda mpaka zilonda. Mwezi wa Okutobala, denga likatentha, fungo linkatsikira m'nyumba n'kulowa ngakhale m'chakudya. Ndikadandaula bambo ankati ndine wa m'tauni, sindidziwa fungo la chuma.

Bedi la bambo linali pansi penipeni pa malo amene zinkagona. Anayamba ndi kachifuwa kouma, kenako phuma, moti kuchoka pampando kukafika kuchimbudzi ankapumira kawiri. Kukiliniki namwino atawamvetsera pachifuwa anandifunsa ngati timaweta mbalame. Ndinati sitiweta, zimadziweta zokha. Iye sanaseke. Anati fumbi la zitosi zouma likuwadya mapapo, ndipo ndisankhe chimodzi: ndichotse mbalamezo kapena ndichotse mdalayo m'nyumbamo. Tili m'njira bambo anati namwinoyo ndi mwana, chifuwacho ndi cha fodya amene ankasuta kalekale. Nditatchula zowasamutsira kwa mng'ono wanga ku Chitungwiza, anaima pakati pa msewu n'kundiuza kuti m'nyumba ija adzatulukamo chogona.

Ndiye ndinayamba nkhondo yanga, ya mkazi mmodzi ndi makwerero obwereka. Ndinapachika ma CD akale pa ulusi kuti kunyezimira kuziopseze. Zinaopa tsiku limodzi, tsiku lachiwiri zinkadziyang'anirapo. Ndinamanga mapepala apulasitiki pamitengo, ndinamenya chitini mpaka anansi anandifunsa ngati ndayamba tchalitchi changa. Ndinabwereka mphaka, koma mphakayo anadya maunda awiri n'kugona padzuwa ngati wapuma pantchito. Ndikamathamangitsa kuseri, bambo anali akumwaza chimanga kumaso. Sitinkakangana poyera, chifukwa iwo ankaopa kuti nkhunda zimva. Ankangondiyang'ana ndili pamakwerero n'kumapukusa mutu.

Cholakwika chachikulu chinali kadzidzi. Ndinamuona m'sitolo ina m'tauni, wapulasitiki, maso achikasu, ndipo wogulitsayo anati kumayadi a anthu olemera nkhunda zimathawa zikangomuona. Ndinamukhazika pamsonga pa denga masana, anthu akuona. Mutu wanga unali pa mapapo a bambo, ndinaiwala kuti ndife yani mumsewu muja. Ife a ku Malawi anthu amatinena kale kuti timadziwa mankhwala, ngakhale takhala nawo limodzi pamaliro ndi paukwati zaka zonsezi. Tsono kadzidzi padenga la mdala wa ku Malawi amene mkazi wake wangomwalira kumene, munthu ukanafunanso umboni wanji?

Ana a m'makomo ena anayamba kudutsa tsidya lina la msewu akuloza kuti zizi, zizi, dzina la kadzidzi m'chinenero cha kuno. Tomato wanga anawolera pathebulo. Roja uja anabwera madzulo ena, maso pansi, n'kunena kuti iye akudziwa kuti ndi pulasitiki, koma makasitomala ake sakudziwa, ndipo anasamuka kumapeto kwa mwezi. Amayi a kutchalitchi anabwera atatu kudzapemphera, pempherolo likuzungulirazungulira osatchula chimene anadzera. Nditakwera kukamutsitsa kadzidziyo, ndinapeza nkhunda itatera pamutu pake, nkhope yake yonse ili zitosi. Ndinakhala padenga pomwepo n'kulira. Mvula ikakuona litsiro sikata.

M'mwezi wa Juni bambo anagwa m'bafa, mpweya utawathera, ndipo anawagoneka kuchipatala chachikulu. Ndinaimbira achimwene kuwauza kuti nditseka denga lonse bambo asanabwere. Iwo anati ndisamukhumudwitse mdala, mbalame ndi zimene zamutsalira. N'zosavuta kukonda nkhunda uli ku Joni. Ndinawauza kuti abwere adzagone pansi pake sabata imodzi, kapena adzanyamule bokosi. Tinalalatirana mpaka foni inatha moto, ndipo chibadwire ndinali ndisanawayankhepo chotero achimwene anga.

Kutchalitchi kwathu kunali bambo wina wogwira ntchito kunyumba zosungiramo katundu ku Graniteside, kumene nkhunda zimavutanso pa matumba a chimanga. Anabwera Loweruka ndi mpukutu wa waya wa maso ang'onoang'ono, atamanga nsalu yonyowa pamphuno. Anatsitsa matumba a zitosi, zisa, mafupa a zimene zinafera m'siling'i. Anatseka mpata uliwonse pamwamba pa khoma, nazunguliza waya m'mbali mwa mapanelo. Maunda anapita nawo kwawo kukachita ndiwo. Nkhunda zinazungulira denga masiku angapo, zikutera pawaya n'kumajompha, kenako zinasamukira kuchigayo. Ndinatsuka nyumba yonse ndi sopo, ndinayanika matiresi a bambo padzuwa. Ndinkaganiza kuti ndapambana.

Tsiku limene ndinabwera nawo kuchokera kuchipatala, anaima pageti atagwira mkono wanga. Sanayang'ane m'mwamba, anangotchera khutu.

"Zili kuti?"

Ndinawafotokozera zonse, za waya, za matumba a zitosi, za zimene adokotala ananena. Ankandiyang'ana ngati ndikulankhula Chindebele.

"Wakangana ndi ndani?" anafunsa.

"Palibe, bambo. Ndi waya chabe."

"Waya suthamangitsa nkhunda. Mwakangana ndi mlongo wako, eti?"

Analowa m'nyumba pang'onopang'ono, nakhala pabedi lawo lonunkhira sopo, n'kunena motsitsa kuti basi, pakhomo pano patha.

Chifuwa chinachepa. Ichi ndiye chimandipweteka mpaka lero: chinachepadi. Patapita milungu ingapo ankayenda mpaka pageti osapumira. Koma mbale zinayamba kubwerera zosakhudzidwa. M'mawa uliwonse ankatuluka ndi chimanga m'kapu n'kumwaza pabwalo, ndipo zinkabwera ndi mpheta zokha. Ndinawapempha achimwene kuti aimbe, tilankhulane mokoma bambo akumva. Tinaseka pafoni kuseka kokakamiza, bambo maso ali kudenga. Anzawo a kutchalitchi anabwera kudzawalimbikitsa, ndipo iwo anawauza kuti ana awo adzagulitsa nyumba maliro asanazizire. Ndinakwiya nawo mawu amenewo, ndinawauza kuti akutinamizira.

Nditasowa chochita ndinagula nkhunda ziwiri kwa munthu wina woweta ku Mabvuku, n'kuzikhomera kakhola kumpanda, kutali ndi zenera lawo. Ndinaganiza kuti ziwiri zokha, panja, mapapo angapirire. Bambo anazisuzumira nthawi yaitali. Anati izi si alendo, ndi akaidi, ndipo nkhunda yogula sichitira umboni. Anatsekula kachitseko ndi dzanja lawo. Zinauluka molunjika kubwerera kwa mwini wake, osatera n'komwe padenga lathu.

Anamwalira mvula isanayambe, atakhala pampando wawo panja, kapu ya chimanga ili pamiyendo. Akuchipatala anati ndi mtima. Namwino wa kukiliniki uja nditakumana naye pamsika anandigwira dzanja n'kundiuza kuti mapapo awo anali atayamba kuchira bwino, ngati akundiyamikira. Mvula itabwera migolo inadzaza madzi oyera mbee, ndipo ndi amene tinaphikira anthu obwera kudzapepesa mochedwa.

Anthu amandifunsa ngati ndikanazisiya nkhundazo ndikanadziwa. Ndikanazisiya, akanafa akubanika usiku ndi usana ine ndikumva. Ndinazichotsa, anafa akupuma bwino koma akukhulupirira kuti mudzi wokhawo umene anamanga m'dziko la eni wapasuka. Ndayesa kuika ziwirizi pasikelo ndipo palibe mbali imene imandipepukira.

Za nyumba bambo sananame. Achimwene anabwera ndi maganizo oti igulitsidwe tigawane, mng'ono wanga anagwirizana nawo, ndipo ine amene ndinalibe kwina kopita ndi ana ndinakana. Tinakangana miyezi. Tinakumbutsana amene anatumiza sola, amene anatsuka bambo, amene sanabwere pamene mayi ankadwala. Anansi ankaima kumpanda osabisala n'komwe. Pomaliza inagulitsidwa, ndipo lero ndine roja ku Hatcliffe, m'chipinda chimodzi cha malata, katundu wa mayi ali pansi pa bedi.

Nyumbayo isanagulitsidwe, tsiku limene tinatukwanana koposa, achimwene atanditchula kuti ndine amene ndinapha bambo, ndinathawira kuseri kwa nyumba kumene kunali migolo kuti ana asandione ndikulira. Ndili pomwepo ndinamva kulira kuja, kukuu, kukuu, pamwamba pa mutu wanga. Waya unali utamasuka pakona imodzi ya panelo. Nkhunda ina inali kulowa ndi kaudzu kukamwa, inzake ikudikira panja, zinanso zitandandalika pamsonga pa denga zikuwothera dzuwa. M'nyumba mawu a achimwene ndi a mng'ono wanga ankamveka mpaka kumsewu, mbale inasweka, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inadzidzimuka.

Ndinatembenuka kuti ndithamange kukawaitana bambo, adzaone okha kuti mbalamezi sizidziwa kanthu za mtendere, zimangofuna pouma poikira mazira, kuti tsiku lija pageti pakhomo panali pasanathe. Ndinafika mpaka pakona ya nyumba. Mpando wawo unali pomwe unkakhala, mwana wanga atayanikapo yunifolomu ya kusukulu.