Mbiya zanga ndi masipulingi a lole

Amuna anga asanamwalire anapanga ngolo ya ng'ombe ndi zitsulo za kagalimoto kakufa. Masipulingi ake anali opyapyala, zitsulo zinayi zokha zosanjikiza, ndipo ukakwera ngakhale wekha ankanepa. Anasankha amenewo dala, chifukwa ine nine woumba mbiya, ndipo mbiya sizifuna kugwedezedwa.

Maliro atatha, ngolo inapita kwa alamu anga, mng'ono wawo. Munthu wodziwa zonse ameneyo! Anati masipulingi aja ni achibwana, anawachotsa n'kuikapo a lole: zitsulo khumi zochindikala, ndi tina tatifupi pamwamba. Amenewo amanepa pokhapokha atasenza matumba a chimanga. Ukaikapo katundu wopepuka amangoti gwa, ngati wakhalira chitsa.

Chilimwe chimenecho amayi a ku Bundabunda ananituma mbiya za mowa ndi mitsuko. Kanali koyamba kutumidwa ndi anthu akutali, ndipo ninkafuna azidziwa dzanja langa, popeza ana ninkawalera ndi dongo lomwelo. Ninaumba miyezi iwiri. Nitawotcha, iliyonse ninaigogoda ndi chala, inalira bwino.

M'mawa wa ulendo ninawapempha alamu. "Alamu, bwezeranipo masipulingi akale aja lero lokha. Ali kuseri kwa nkhokwe."

"Chitsulo ni chitsulo, mlamu. Inu dziwani za dongo."

Ninayala udzu wambiri, koma udzu ungatani pa miyala ya njira yodzera ku Nkomeshya? Iwo chikwapu m'manja, ng'ombe zili pa liwiro. Ninamva mbiya yoyamba ikusweka tisanawoloke kamtsinje. Ninakuwa kuti aime, nitsitse, ninyamule pamutu imodziimodzi. Anati dzuwa likukwera.

Titafika amayi aja anazungulira ngolo. Nitachotsa udzu, anali mapale okhaokha, kupatula kamtsuko kamodzi kothyoka mlomo. Ninali nisanatsegule pakamwa pamene alamu anatola phale, analitembenuza uku ndi uku ngati katswiri, nati, "Sizinapse izi. Ninamuuza."

Mtima unanitentha, koma wamasiye sakangana ndi mlamu pamaso pa alendo. Nikanati chiyani, nifotokoze za masipulingi kwa anthu osadziwa pansi pa ngolo? Ninangoti chete, ndipo kukhala chete kumeneko n'kumene kumanipweteka mpaka lero.

Chaka chotsatira ninapitanso ku Bundabunda wapansi, mbiya ili pamutu. Mayi wina anaiyang'ana n'kufunsa mnzake, "Si uja wa mbiya zosapsa?" Ninabwerera nayo kumudzi.