Mayi Amene Ankalira M'malo mwa Mabokosi

Ntchito yake yoyamba inali yolengeza mabasi padepoti. Ankakhala m'kachipinda kagalasi, chimkuzamawu chili pakamwa, ndipo basi ikachedwa ankaseketsa anzake potengera mawu a kondakitala woledzera, a nkhalamba yokalipira katundu wake, ngakhale a galu wopondedwa mchira. Tsiku lina bambo wina wodikira basi anamumva, n'kumupempha kuti akayese mwayi kukampani yawo yopanga masewera a pakompyuta.

Kumeneko anamulowetsa m'chipinda chopanda zenera, makoma ake omatidwa masiponji, n'kumuonetsa chithunzi. Bambo uja, yemwe anali wojambula mawu, anafotokoza kuti m'masewera awo munthu amayendetsa msilikali m'mapanga, akumatsegula mabokosi a chuma. Koma mabokosi ena ndi zilombo. Ukangokhudza chivundikiro chimayasama, mano ngati misomali, lilime n'kukukulunga mwendo.

"Ndiye mayi, tiuzeni," anatero. "Bokosi likamva njala limalira bwanji?"

Iye anayamba waseka kaye. Kenako anakoka mpweya chobweza, kukhosi atakufinya, ndipo phokoso limene linatuluka linamuchititsa nthumanzi ngakhale mwini wake. Anamulemba ntchito tsiku lomwelo, ndipo pasanathe mwezi aliyense pakampanipo ankangomutchula kuti Mayi Bokosi.

Analirira mabokosi ambirimbiri. Lamatabwa linkafuna mawu okhwekhwereza, lachitsulo linkafuna mawu ochokera pansi pa chifuwa, ndiye panali lina lomeza msilikali wamphumphu n'kugeya. Kunyumba, mwana wake wamkazi ankachita manyazi kunena ntchito ya mayi ake, ankangoti amagwira kuofesi. Mwamuna wake, amene makutu ake anali atatha ndi makina a kufakitale ya malata, ankaseka kuti iye yekha ndiye anakwatira bwino, poti ngakhale gonthi mkazi wotereyu amamumva.

Chaka chimene mwana wawo wachiwiri anamwalira asanayambe n'kukwawa komwe, bwana wa kampaniyo anabwera ndi nzeru yatsopano: bokosi lolira ngati khanda, kuti wosewera azithamangira kukalitsegula. Wojambula mawu anakana, akuti apeze munthu wina. Mayi Bokosi anangoti nthawi ikutha, atseke chitseko. Analira kamodzi kokha, osafunika kubwereza. Atatuluka anakasanza kuchimbudzi, n'kubwerera kudzamaliza mbali ya phokoso la mano. Anthu osewera analikonda kwambiri bokosi limenelo, moti bwana anafuna ena otero.

Mawu anayamba kusasa pang'onopang'ono. Poyamba ankabwerera akapuma Loweruka ndi Lamlungu, kenako anasiya kubwerera. Ankamwa madzi ofunda a uchi, nakulunga mpango m'khosi ngakhale kukutentha. Dokotala atamuunika anamuuza kuti asiyiretu, koma masewera atsopano anali pafupi kutuluka, ndipo bwana ankati kusasako n'kumene kukukometsa. Anapitiriza mpaka tsiku limene wojambula mawu anaona timadontho ta magazi pakansalu kotchinga maikolofoni. Bamboyo anazimitsa makina n'kumutengera yekha kuchipatala.

Anamupeza ndi chotupa kukhosi. Opaleshoni inapulumutsa moyo wake, koma anatsala ndi kunong'ona basi. Bwana anabwera kudzamuzonda atanyamula malalanje, n'kumuuza kuti asadandaule za ntchito, mawu amene anajambula kale ndi okwanira, kompyuta izingowasakaniza. Ananena zimenezi ngati akumutonthoza. Mayiyo anafuna kumuyankha, koma bwanayo anali akuyang'ana kale foni.

Chimene chinamupweteka kwenikweni chinali kunyumba. Mwana wawo wamkazi uja anali atakwatiwa kutali, ndiye anatsala awiriwiri, wina wosamva, wina wosatha kukweza mawu. Mwamunayo ankabweretsa khutu pafupi ndi pakamwa pake, n'kugwedeza mutu ngati wamva, kenako n'kubweretsa mchere pomwe wapemphedwa sopo. Poyamba ankaseka. M'kupita kwa nthawi anangosiya kuyesa, aliyense n'kumadya atazolika. Mayiyo akafuna kumuitana ankamenya sipuni pampoto.

Mkulu wake wa mayiyo anamupezera ntchito yosita zovala pamalo ena ochapira, pomwe nthunzi ndi makina sizilola munthu kucheza. Amagwirabe pomwepo, ndipo amasita bwino makolala.

Chaka chatha anaterereka m'bafa n'kuthyoka chiuno. Mwamuna wake anali pabalaza, khoma limodzi lokha pakati pawo, akukonza chogwirira cha ketulo. Mayiyo anaitana mpaka kukhosi kunauma, anamenya chitseko ndi chidendene, madzi akumuzizira pamsana. Bamboyo anadzamupeza dzuwa litapendeka, atadabwa kuti madzi akulowa pabalaza.

Kuchipatala bamboyo anakhala pambali pa bedi, chipewa chili m'manja, akungobwereza kuti, "Amayi, sindinamve. Ndithu sindinamve."

Mayiyo anamugwira dzanja n'kumuuza kuti akudziwa, ndipo namwino amene ankasintha botolo la madzi ndi amene anamubwerezera bamboyo mokweza. Chitulukireni m'chipatala mayiyo amayenda ndi ndodo, amasita atakhala pampando, ndipo akamasamba chitseko cha bafa chimakhala chotsegula, mwamuna wake ali pampando pakhomo, atayang'ana kumbali.