Tsiku Limene const Inandikaniza Kukhudza Mawu a Bambo

Bambo anga ankaimba nyimbo za ngoma ndi mawu a besi, okhuthala, omwe ankati anakawatola ku migodi ya ku Joni fumbi litawakhala pakhosi. Nyimbozo zinali za Chingoni chakale chija chimene ife ana sitikumva, timangodziwa poyankhira. Ndinawajambula kamodzi kokha pafoni akuimba nyimbo imodzi, atakhala pakhonde kwathu ku Champiti, mphepo ikuwomba ngati yachita kutumidwa. Foniyo anandisolola mumsika wa Lizulu ndili kalikiliki kusankha kachewere, koma mwamwayi fayilo ndinali nditaisamutsira kale pa laputopu yanga yokalamba. Bambo atamwalira, mawu awo anatsala mufayilo imeneyo basi. Zoisunganso pena ndinkangoti mawa.

Mwambo wa chiliza utayandikira, amayi anapempha kuti nyimboyo idzamveke pa zokuzira mawu. Ine, pokhala ndinaphunzirako zolemba mapulogalamu a kompyuta, ndinadziguguda pachifuwa kuti mphepoyo ndiichotsa, bambo amveke okha.

Ndinali ndi kapulogalamu kanga kosungira nyimbo, kamene ndinalemba ndili kusukulu m'chiyankhulo cha kompyuta chotchedwa C++. Kankatsegula fayilo, ndipo potseka kankalembanso zonse pafayilo yomweyo. Mu C++, ukafuna kupatsa fankishoni, kachigawo ka pulogalamu kogwira ntchito imodzi, chinthu choti igwirepo ntchito, njira zilipo ziwiri. Ukhoza kuipatsa kope, china chongofanana nacho, kapena kungoilozera chinthu chenichenicho pomwe chili polemba kachizindikiro ka &. Laputopu yanga ikamakopera zinthu zazikulu inkachita wefuwefu, choncho ine ndinkangolozera. Koma kulozera kuli ngati kumupatsa munthu kiyi wa nyumba yako: akhoza kungosuzumira, akhozanso kusuntha mipando. N'chifukwa chake pali liwu loti const. Ukalilemba ndiye kuti wapangana kuti wopatsidwayo aone, awerenge, koma asasinthe kanthu. Mphunzitsi wathu ankatidula malikisi tikaliiwala, ndiye ine ndinkangolimwaza paliponse chifukwa cha mantha.

M'mawa wina, ndili m'chipinda chimene ndinkachita lendi pa Boma, ndinalemba fankishoni yosefa mphepo. Inkasintha mawu pomwepo pamene yalozeredwa. Ndinailozera nyimbo ya bambo. Kompayila, yomwe imayamba yawerenga zimene walemba isanalole kuti ziyende, inakana. Inati fankishoni yanga ina, yotulutsa nyimboyo, imaibweza ili ndi const, ndiye sindingaipereke kwa wofuna kuisintha.

Ndinapsa mtima. Amalume anali akungoimba foni za mipando ndi matenti, nthawi ikutha, ndiye makina azindiuza zochita? Ndinailalatira laputopuyo ngati munthu.

"Bambo ndi anga, fayilo ndi yanga. Iwe ndiwe ndani?"

Ndinafufuta const pamalo amodzi, kompayila n'kudandaula pena. Liwulo ndinali nditalidzala m'malo ambiri moti kulizula lonse inali ntchito ya tsiku lathunthu. Kunena zoona, si nzeru zimene zinandipulumutsa koma ulesi. Ndinabwezeretsa const ija, n'kupanga kope, n'kupatsa sefa yanga kopelo kuti ikalembe pafayilo ina. Laputopu inalira, inatentha, kenako inamaliza n'kutseka pulogalamu.

Ndinavala mahedifoni. Mphepo inali itachokadi. Bambo nawonso anali atachoka. Mawu awo anali otsika mofanana ndi mkokomo wa mphepo, ndipo sefa yanga sinasiyanitse, inasesa zonse. Munangotsala kaphokoso kopyapyala ngati ka udzudzu.

Ndinatsegula fayilo yoyamba ija. Mphepo inawomba, bambo anatsokomola pang'ono monga ankachitira, n'kuyamba kuimba.

Mpaka lero ndimazizwa nazo. Kompayila ikanandilola, pulogalamu ija potseka ikanalemba udzudzu uja pamwamba pa bambo, osatsala kanthu. Pangano limene ndinalemba mosalabadira, bambo akadali moyo akupalira chimanga chawo, linasungidwa ndi makina osawadziwa, osamva chisoni, osamvanso kukalipa. Linandikaniza ine mwini wake, ndili pachangu, ndikudziona ngati ndikudziwa chimene ndikuchita. Ndaonapo anthu ambiri akupangana, koma wosunga pangano chonchi sindinamuone. Madzulo ake ndinakagula fulashi yosungirapo kope lina, nyimbo ndinaitumizanso kwa achemwali.

Tsiku la chiliza ndinapita kwa amayi kukapepesa kuti mphepo yandikanika.

"Isiye choncho, mwanawe," anatero. "Tsiku lija kunalidi mphepo."

Anthu atakhala pansi, tinayatsa zokuzira mawu. Mawu a bambo anadzaza pamanda ponse, azibambo okalamba n'kuweramitsa mitu. Atafika pamene woimba amasiya mpata kuti anzake ayankhe, mufayilo munali mphepo yokha, poti tsiku lojambula lija panalibe wowayankha. Amayi anakweza mawu, n'kuwayankha.