Chidindo Chinali M'kabati

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene kachewere anabereka kwambiri m'munda mwathu, kufupi ndi Mayani. Tinakumba masabata awiri, zala zitauma ndi chisanu cha m'mawa. Matumba anadzaza khonde lonse.

Kunabwera wamalonda wina ndi lole, wofuna kutenga mbatatayo kupita nayo kunja kwa dziko. Anaswa imodzi ndi chala, nanena kuti yabwino chotere anali asanaionepo. Anangofuna kalata ya boma yotsimikiza kuti mbewuyo ilibe matenda. Anati adikira mpaka Lachisanu.

Bambo ananditenga popita ku ofesi chifukwa ine ndimatha kuwerenga Chingerezi cha pafomu. Tinapalasa njinga mame asanaume. Kalata inalembedwa tsiku lomwelo, koma inasowa chidindo.

"Bwana ali ku semina," anatero mesenjala wa paofesipo. "Chidindo chili m'kabati, kiyi apita naye."

"Nanga achiwiri awo?" anafunsa bambo, chipewa chili m'manja.

"Achiwiri alipo, akulu. Koma kiyi alibe wachiwiri."

Tinabwerera Lachitatu, tinabwereranso Lachinayi. Kabatiyo ndinkaiona pawindo, yachitsulo, yotuwa. Lachisanu masana lole ija inatidutsa pamsewu yopanda kanthu, ikulowera ku Mozambique, kumene alimi anzathu anali ndi mapepala awo kale. Mbatata yathu inayamba kumera m'matumba. Ina tinaigulitsa pamsika mtengo wotaya, ina tinapatsa nkhumba.

Bambo sanatukwane munthu. Madzulo akusankha yowola anangoti, "Mwana wanga, ife tinalima. Amene sanalime ndi aja."

Ku koleji ndinaphunzira mawu aatali ofotokoza chifukwa chake maiko ena amagulitsa katundu ndipo ena amangoonerera. Palibe amene anandiuza zoposa zimene ndinaona pawindo paja. Mlimi sapikisana yekha pamsika wa maiko. Amanyamula boma lake kumsana, ndipo likakhala lolemera, amafika ena atagulitsa kale.

Lero ndimagwira ntchito mu ofesi ya boma, ndipo chidindo chili m'manja mwanga. Mkazi wanga anamwalira chaka chatha, pakati pa sabata. Uthenga unandipeza kuntchito. Zambiri za tsikulo sindizikumbukira, ndipo sindifuna kuzilemba pano. Anzanga amati potuluka ndinafika pakhomo la ofesi, kenako ndinabwerera, ndi kuika kiyi wa kabati ya chidindo patebulo la wachiwiri wanga. Panja pa benchi panali anthu atatu akudikira.