Amalume Kunja kwa Geti

Lachiwiri la sabata yatha ndinagwidwa manyazi oti mpaka lero ndikawakumbukira ndimafuna pobisala. Anandichititsa manyaziwo si munthu ayi, koma kakhadi kokhala ndi mayina atatu.

Ndifotokoze kaye za khadilo, poti ena mwa inu ana anu amapita okha kusukulu monga tinkachitira ife kale. Kumene amaphunzira mwana wanga Tamanda, yemwe ali mu Sitandade 3, mwana satuluka pageti popanda womutenga. Ndipo si womutenga aliyense. Chaka chikamayamba, makolo timapatsidwa fomu yolembapo anthu ololedwa kudzatenga mwana, n'kumatapo zithunzi zawo. Mayina ndi zithunzizo amaziika pa khadi lomwe limakhala kwa alonda. Ngati nkhope yako palibe, kaya ulire kaya ulumbire, mwana sakupatsa.

Lamulo limeneli ine ndimagwirizana nalo, ndisaname. Masiku ano simungangopereka mwana kwa aliyense wobwera n'kunena kuti watumidwa.

Pa khadi la Tamanda panali ine, bambo ake, ndi mayi Mbewe, aneba athu kuno ku Kanjedza, amene ali ndi galimoto ndipo amagwira ntchito kufupi ndi sukuluyo.

Tsiku limenelo zinthu zinangopangana zondikhaulitsa. Bambo a Tamanda anali pa ulendo wa ku Lilongwe. Mayi Mbewe anali kumaliro ku Thyolo. Ine abwana anandiitanira msonkhano wadzidzidzi ku Limbe, woyamba wani koloko, pomwe ana amaweruka thu koloko. Nditasowa pogwira, sindinaganize kawiri. Chala chinapita chokha pa nambala ya achimwene anga, a Wyson.

"Achimwene, ndapanikizika. Mungakanditengere Tamanda kusukulu?"

"Amaweruka nthawi yanji?"

"Thu koloko."

"Basi, ndanyamuka."

Sanafunse n'komwe chimene chandipanikiza. Ine ndinathimitsa foni n'kulowa mumsonkhano, mtima uli m'malo. Za khadi zinandichoka m'mutu.

Achimwene angawa amakhoma zidebe ndi mbaula ku Ndirande. Shedi yawo mumaimva musanaione, chifukwa cha phokoso la nyundo. Mayi athu atamwalira, ine ndili mu Sitandade 4, iwowa ndi amene anasiya sukulu n'kuyamba kundilera. Mvula ikagwa, mtsinje wa Nasolo ukadzadza, ankasiya ntchito kudzandidikira kusukulu, n'kundibereka kumsana kuti ndiwoloke. Pa ukwati wanga ankhoswe anali iwo. Dzina loti Tamanda anapereka ndi iwo. Kwathu mwini mbumba ndi mlongo wa mayi, ndiye kunena mwachilungamo, pa mwana ameneyu mawu awo ndi olemera kuposa anga.

Msonkhano uja unatha fo koloko itadutsa. Nditayatsa foni ndinapeza asukulu andiimbira kangapo, achimwene nawonso kangapo. Pamenepo m'pamene khadi lija linandibwerera m'mutu. Ndinayendetsa kagalimoto kanga mtima uli m'mwamba, ndikutukwana aliyense wa minibasi amene anaima pakati pa msewu.

Nditafika ndinapeza magalimoto onse atapita. Panja pa geti, pa njerwa ziwiri zosanjikiza, panakhala achimwene, atavala ovolosi yawo ya buluu ija, yothimbirira ndi dzimbiri la malata. Mkati mwa geti, pasimenti, panakhala Tamanda. Pakati pawo panali zitsulo za geti. Chikwama cha mwana chinali pamiyendo ya achimwene, akuchikonza zipi ndi kapulayazi kamene sikachoka m'thumba mwawo. Zipi imeneyo inali itaonongeka milungu itatu, ine ndikungoti ndigula china kumapeto kwa mwezi.

Alonda anabwera mwaulemu, khadi lili m'manja.

"Mayi, mutikhululukire. Bambowa akuti ndi amalume ake a mwanayu, mwana nayenso akuvomereza, koma pa khadi palibe. Tinakuimbirani, foni yothimitsa. Bambo akenso sanayankhe."

"Mwachita bwino," ndinatero.

"Mwanayu tinamuuza kuti akadikire muofesi, kuli mthunzi. Anakana. Akuti sangasiye amalume okha panja."

Achimwene anaimirira, n'kusasa fumbi kumbuyo. Anapempha kuona khadilo. Analiyang'ana nthawi ndithu, chithunzi chimodzichimodzi.

"Awa ndi ndani, Esinati?"

"Aneba athu, mayi Mbewe."

"Oho." Analibweza kwa alonda. "Mwana sanadye kuyambira m'mawa, umupatse kanthu."

Ndinawapempha kuti akwere ndikawatule. Anati ayi, ali ndi malo oti adutsire ku Limbe. Ndinadziwa kuti ndi bodza. Anamugwira Tamanda pamutu, n'kumapita chakusiteji, osacheuka. Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Munthu anatseka shedi masana, anakwera maminibasi awiri, anakhala padzuwa maola awiri, ndipo chimene anadandaula n'choti mwana sanadye.

M'galimoto, titatsala pang'ono kufika kunyumba, Tamanda anandifunsa.

"Amama, chifukwa chiyani amalume palibe pa khadi? Mesa anti Mbewe si abale athu?"

Ndinayamba kumufotokozera kuti amalume amakhala kutali, alibe galimoto, ndipo pa fomu panali malo atatu okha. Ndikulankhula, ndinkadzimva ndekha kuti ndikunama. Ndirande si kutali, mwaona nokha kuti anafika nthawi yabwino. Zoona zake n'zakuti tsiku lija ndikulemba fomu, dzina lawo linandibwerera, ndipo ndinalikankhira pambali. Ndinaganizira geti lija thu koloko, magalimoto onyezimira atandandalika, azimayi a magalasi akuda akupatsana moni m'Chingerezi, kenako achimwene anga n'kutulukira wapansi ndi ovolosi. Ndinachita nawo manyazi. Ndalemba apa kuti ndisadzabwererenso kukana.

Tsopano tiyeni tikambirane, inu anzanga amene tinakulira ku Ndirande, ku Bangwe, ku Zingwangwa, lero tikukhala m'nyumba za mipanda. Musandiyang'ane ngati ndine ndekha. Makhadi oterewa tili nawo ambiri, kungoti enawo sitiwalemba papepala.

Mwana akamakondwerera tsiku lake lobadwa timaitana ndani? Ana a anzathu a kuofesi. Ana a achimwene timawatumizira keke yotsala m'mawa mwake, titakulunga bwinobwino kuti mtima usatitsutse. Anzathu akabwera amakhala pabalaza, pa sofa. M'bale akabwera timamulondolera kukhitchini, ati kumeneko n'kumene amamasuka. Anakuuzani ndani?

Koma pagwe zovuta. Wokhoma tenti, wokasaka nkhuni, wokanyamula mabenchi kutchalitchi, ndi yemwe uja wa kukhitchini. Tikagonekedwa m'chipatala, wodzatidikirira n'kumatichapira ndi achemwali a ku Bangwe, pomwe gulu lathu la pafoni likungotumiza tizithunzi ta manja opemphera. Inenso mwaona, nditapanikizika sindinaimbire wa magalasi akuda aliyense. Ndinaimbira munthu amene ndinadziwa kuti anyamuka osafunsa.

Ndiye abale athu tawasandutsa anthu a pamavuto pokha? Pa chisangalalo n'ngochititsa manyazi, pa misozi n'ngofunika?

Sindikunena kuti kusamuka n'kulakwa. Ine ku Kanjedza ndikukhala bwino, ndipo sindikufuna kuti Tamanda aziwoloka mtsinje popita kusukulu. Tonsefe timati tikuvutikira ana, ndipo n'zoona. Sukulu yabwino, mpanda, geti, zonsezi n'zofuna kuti mwana akule motetezeka. Koma ana saphunzira za m'kalasi zokha. Amaona amene timamukhazika pa sofa ndi amene timamulowetsera kuseri. Akazolowera kuti munthu wofunika ndi wobwera pa galimoto, tsiku lina ife tidzakalamba, galimoto idzatha matayala, ndipo iwo adzakhala ndi fomu yawo yoti alembe.

Chimene chikundilimbitsa mtima n'chakuti mwana wanga phunziro loipali anali asanaligwire. Anapatsidwa mpando pamthunzi, iye anasankha simenti yotentha pafupi ndi amalume ake. Palibe anamuuza kuti atero. Ndiye kuti sitinachedwe.

Lachitatu ndinapita kwa ahedi kukapempha fomu ina. Ndinafunsa ngati n'zotheka kuwonjezera dzina lachinayi.

"Mayi, mizere ndi itatu, koma amene akufuna amalemba kuseri. Ena alembapo asanu."

Bodza langa lomaliza linathera pomwepo.

Loweruka m'mawa ine ndi Tamanda tinapita ku Ndirande. Masiku onsewo achimwene sanandiimbire, ine nanenso ndinkaopa kuimba. Ndinkadziwa kuti akapanda kundilandira, ndiye kuti ndataya munthu yekhayo amene anatsala wondidziwa ndisanakhale mayi wa ku Kanjedza. Tinawapeza akukhoma chidebe. Tamanda anawathamangira, iwo anamulandira ndi dzanja limodzi. Ine anangondiyankha moni, nyundo ikupitiriza ntchito.

Ndinakhala pa benchi, fomu ili m'manja. Ndinali nditakonza mawu okoma njira yonse, koma onse anathawa.

"Achimwene, ndinalakwa. Dzina lanu sindinaiwale. Ndinalisiya dala, ndinkachita manyazi ndi ovolosi yanuyi."

Nyundo inaima. Anandiyang'ana, ine misozi ili m'maso.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero. "Mlonda uja sanandilakwire, anagwira ntchito yake. Padzuwa ndimakhala tsiku lililonse. Chinandipweteka n'choti mwanayu anayang'ana khadi lija, kenako n'kuyang'ana ine. Ndinasowa chomuuza."

Ndinangowapatsa fomu ija. Dzina lawo ndinali nditalemba kale, osati kuseri, koma pa mzere woyamba. Langa ndi limene linapita kuseri. Anapukuta manja pa ovolosi asanaigwire, n'kuiwerenga pang'onopang'ono.

"Iwe Esinati, kuyambira uli mwana ukalakwa umabwera ndi pepala," anatero, pakamwa pakuyamba kumasuka. "Kale unkabwera ndi lipoti la kusukulu kuti ndiiwale mbale imene waswa."

Ndinawauza kuti pakufunikanso chithunzi. Apa ndiye anatekeseka. Anati tidikire akasambe, akabwereke jekete kwa mnzawo wa telala, asakandichititsenso manyazi. Anazinena moseka, koma ine zinandilasa.

Tamanda ndi amene anathetsa nkhani.

"Ayi amalume, mukavala jekete alonda aja sakakuzindikirani. Jambulitsani momwemo."

Achimwene anaseka mpaka kutsokomola. Anzawo a m'mashedi oyandikana anasuzumira kuti kwachitika chiyani. Tamanda anatenga foni yanga n'kuwajambula pomwepo: ovolosi ya buluu, pensulo kukhutu, kumbuyo kuli mulu wa mbaula. Chithunzi chimenecho ndi chimene chili pa khadi latsopano, pamwamba pa zinzake zonse.

Sindinganame kuti zonse zatheratu. Bala la mtundu umenewu silipola ndi fomu imodzi, ndipo keke yotsala imene ndinatumiza chaka chatha ndikuikumbukirabe. Koma tagwirizana kuti Lachisanu lililonse Tamanda azikatengedwa ndi amalume ake, azikaswera ku Ndirande mpaka ine nditaweruka. Akufuna aphunzire kukhoma kadebe kake kothirira maluwa. Azimayi a magalasi akuda aja ayang'ane mmene angathere, ine ndidzawauza ndekha kuti awo ndi achimwene anga.

Inu amene mukuwerenga, tengani foni yanu. Zitakuthinani lero masana, ndani amene mungamuimbire osaganiza kawiri? Nanga munthu ameneyo, pa khadi la mwana wanu alipo?

Tikutsanzikana Loweruka lija, achimwene anandiitananso, chala chili pa fomu, pamalo olemba nambala ya foni.

"Apa ulembe bwinobwino, usaphonye nambala," anatero, akutola nyundo yawo. "Yangayi sindithimitsa."